Phwando la Tsidya la Ngalande

Alwin anakhala pabenchi yozizira m'mbali mwa ngalande, chikwama chili pakati pa miyendo, maso ali panyumba ya tsidya. Nambala inali yomweyo. Chitseko chobiriwira chinali chomwecho chimene mwana wake wamkazi Merlien anamufotokozera pafoni.

Kanali koyamba kuponda mu Delft, kuno ku Ulaya, ndipo mzindawo sanaukonde. Madzi ake anali akuda, osayenda, opanda mwana wosambamo. Kwathu ku Coronie, kutsidya kwa nyanja yaikulu, ngalande imagwira ntchito m'minda. Kuno imangokhala kuti alendo aziijambula. Nyumba zinali zoonda, zothinana ngati odwala pamzere. Mazenera akuluakulu opanda makatani, kuti wodutsa aziona zimene iye alibe.

M'mawa wonse anadikira pasiteshoni mpaka miyendo kuchita dzanzi. Merlien sanabwere. Chonsecho analonjeza yekha.

"Ndidzakuchingamirani, Papa, ngakhale achite kundinyamula," anatero pafoni paja, mawu ali pansipansi ngati akuopa kuti wina amumva. "Koma bwerani msanga."

Msanga! Mwana amene anatha zaka osaimba foni, chikwatiwireni ndi mzungu uja Wouter amene Alwin anakana kumupatsa dzanja, lero wadziwa msanga? Alwin anaona kuti nkhani yagona pamunda wa kokonati. Ana sakumbukira kholo popanda chimene akufuna. Choncho anayamba wakolola kaye. Tsiku lofika anauza Merlien yekha, n'kumuchenjeza kuti mwamuna wakeyo asadziwe, chifukwa nkhope yake sankaifuna pasiteshoni. Kenako anakakhala sabata kulikulu, ku Paramaribo, kudikira mapepala a ulendo. Foni anaisiya kumudzi m'chitini, poti anamva kuti mbava za ku Ulaya zimapisa m'thumba mwiniwake akuyang'ana.

Komabe m'chikwamamo anaikamo botolo la mafuta a kokonati ophika yekha. Ndi mafuta amene ankamudzoza Merlien m'mutu ali kamwana. Mayi wa Merlien atamwalira, mudzi wonse utavala zoyera n'kuchezera kuimba, kulira kukumveka mpaka kumsewu waukulu, ndi Alwin amene anam'bereka mwanayo kumbuyo. Ndi iye amene anaphunzira kuluka tsitsi ndi zala za chikwanje.

Tsopano taonani malipiro ake. Panja pa nyumbayo panali njinga zambirimbiri. Mkati munadzaza anthu ovala zachikasu, zofiira, zamaluwamaluwa. Patebulo panali maluwa, kandulo, ndi chithunzi chachikulu cha Merlien akuseka. Mayi wina ankathira khofi. Wina ankadula keke.

"Malume, mukhala pamenepa mpaka muume ngati nsomba yamchere!" Anali munthu wogawa makalata, wakwathu ndithu pomumva lilime. Anaimika njinga ndi phazi limodzi. "Mwasochera, kapena akuthamangitsani amayi kunyumba?"

"Ndikuonerera phwando la anthu olemera."

"Lopanda ng'oma? Ndiye la eni dziko limenelo," anatero osayang'anako n'komwe. "Khofi kapu imodzi, keke kachidutswa kamodzi, kenako akulozerani chitseko. Mukadyeretu kwanu, malume."

Anapalasa njinga akuseka. Alwin sanaseke. Anali atakumbukira kuti mwezi womwewo Merlien ankakwanitsa zaka makumi asanu. Kwathu phwando lotere ndi lalikulu, ndipo bambo ndiye amakhala kutsogolo, ndiye amatsegula gule. Apa mwana anaona kuti nkhalamba ya nsapato zafumbi imuchititsa manyazi pamaso pa apongozi ake. Kuli bwino iume pasiteshoni mpaka alendo atapita.

Anamusaka ndi maso pakati pa anthuwo, koma sanamuone. Mwina anali m'chipinda cha m'mwamba, akusintha diresi yachitatu. Bambo wina anaimirira n'kunena kanthu ataloza chithunzi, ndipo nyumba yonse inaseka, ena mpaka kupukuta m'maso.

Kuseka kumeneko kunamulasa Alwin pamtima. Anatulutsa botolo lija. Analitsegula, fungo la kwathu n'kumumenya m'mphuno. Kenako anakhuthulira mafuta onse m'ngalande. Anayandama pamwamba pa madzi akudawo, osalowa pansi, osapita kulikonse.

Akanatha kubwerera osalankhula ndi munthu. Koma nyanja yonse ija sanaiwolokere chitseko. Ankafuna nkhope ya mwana wake, ngakhale kamodzi, ngakhale ikhale yokwiya. Ankafuna aone ngati kachipsera kapachibwano kaja kadakalipo.

Anawoloka mlatho akukoka chikwama pamiyala. Belu analiona, koma anamenya chitseko ndi chibakera.

Anatsegula ndi Wouter, atakalamba kuposa mmene Alwin ankaganizira. Anavala malaya achikasu, m'manja muli mbale ya keke, maso ali psuu. Mowa, mosakayika.

"Kaitane mkazi wakoyo," anatero Alwin. "Ukamuuze kuti galu uja anamusiya pasiteshoni wafika yekha. Keke yanuyo sindidya. Munda sindipereka. Ndingomuona nkhope basi, ndizipita."

Wouter anaika mbale pansi pang'onopang'ono, n'kugwira dzanja lomwe lija limene linamukana kalekale.

"Papa, takuimbirani foni sabata yonse. Tikuchokera kumanda," anatero. "Merlien anatiuza kuti tivale zowala, ndipo bokosi lake tisatseke mpaka inu mutafika. Talitseka lero m'mawa."