Nkhwazi ndi Nsomba za Alendo

Padangokhala, anzanga, kachilumba ka miyala yokhayokha, ndipo Nkhwazi wa pamenepo adaleka kusaka. Alendo akafika, mwini boti ankaimba mluzu n'kuponya nsomba yakufa, yolowetsedwa kabango kuti iyandame. Nkhwazi ankangotsika n'kutola, alendo n'kujambula.

"Achemwali, mudzaiwalatu ntchito," adatero mnansi wake Mphipi, mbalame yomira pansi pa madzi.

"Nsanje basi! Inu adakujambulani ndani?"

Chaka china alendo adangoti zii. Ana a Nkhwazi adayamba kulira njala.

"Tiyeni tsono, aliyense agwire yake, tione," adatero Mphipi.

Iye adamira n'kutuluka ndi kansomba kamodzi. Nkhwazi adatsika monyada muja, zikhadabo zili tambasu, koma nsomba yamoyo sidikira. Adayesanso, adangokwapula madzi.

"Ndigawireniko, ana andifera."

"Ndigawa chiyani, mayi? Zikuluzikulu adazitha ndi amaboti omwewo, pogwirira inu."

Nkhwazi adabwerera kuchisa chimanjamanja, nati mwina anawo aphunzire okha kusaka. Adawapeza sakuyang'ana n'komwe m'madzi. Adali atasolola timakosi tawo toonda, kudikira mluzu.

Yathera pomwepo, mbatata nayo yapserera.