Paja Tikupita Kuti?

Mayi Tabita anaima kutsogolo kwa lole yodzaza ndi ana a kwaya, manja ali m'chiuno. Pachiwongolero panali amuna awo, a Gideoni, nkhalamba yosauzika.

"Mayi, tichedwa ku Bowe," anatero a Festus, mkulu wa mpingo. "Bambowa sanachitepo ngozi."

"Dzulo potsika phiri anaponda moto m'malo mwa buleki, ndipo ndinakuuzani! Mwana wanu mwamukweza minibasi. Ana a anzanu ndiye akwere umu?"

A Festus anangoyang'ana pansi.

A Gideoni anasuzumira pawindo, nkhope ili gwaa. "Tachokani apo, amayi! Ine ndinayamba kuyendetsa msewuwu usanaikidwe n'komwe..." Mawu anawathawa. Anatembenukira kwa a Festus. "Paja tikupita kuti?"

Mtsikana wina anayamba kutsika.