Kuperekeza Apongozi

Chibangili cha Nangozo chinafiira dzuwa lisanapendeke. Masiku ano aliyense wochepetsa thupi amavala chibangili cha kuchipatala, chowerenga chilichonse chodutsa pakhosi. Chikagona chili chofiira, madokotala amasunthira kutsogolo tsiku la opaleshoni, ndipo bondo la Nangozo linali litatopa kudikira.

Sikuti anachita dyera. Kunabwera apongozi ake. Pophika nkhuku analawa mchere, nalawanso, kenaka anadya nawo kuti mlendo asadye yekha.

"Kufiirako kumatha ukayenda," anamunong'oneza amuna ake, a Dzimbiri. "Amayi akamapita uwaperekeze."

Masiku onse ankawasiya pa mtengo wa mango wa kumsewu. Tsikuli anapitirira, dengu lawo lili pamutu, akutsimphina. Anadutsa pachigayo, nawoloka mlatho.

"Bwerera apa mwanawe, mwendowo," anatero apongoziwo.

"Ayi amayi, ndikusiyani patsogolopo."

Patsogolopo panasanduka pakhomo pawo. Akutula dengu pakhonde, chibangili chinabiriwira. Mtima wa Nangozo unakhala pansi.

Apongoziwo anamuyang'ana, misozi ili lengelenge. "Chibadwire palibe anandifikitsapo pakhomo, ngakhale ana anga obala ndekha."

Analowa m'nyumba, natuluka ndi chikho cha thobwa lothira shuga, chodzaza mpaka m'milomo.

"Sungabwerere kukhosi kuli kouma."

Nangozo anayang'ana chibangili, nayang'ana nkhope ya mayiwo. Anagwada ndi bondo labwinolo, nalandira ndi manja awiri. Anamwa lonse.

Pobwerera anadzera njira yaitali, ya kudambo.