Aune Atembenuza Jekete

Masamba akayamba kuyoyoka, mdima suchedwa. Aune ankadziwa zimenezo, koma galu wake Halla anavuta kuti apite kokayenda, ndipo kanjira ka m'nkhalangoko kamangozungulira n'kudzatulukira pakhomo pake.

Madzulo amenewo sikanatulukire. Anadutsa mtengo wopakidwa utoto wofiira, anayenda ndithu, n'kuupezanso. Ulendo uno patsinde pake panaima bambo wovala chipewa cha alenje.

"Mayi, mwasochera," anatero mwaulemu. "Nditsateni."

Bamboyo anatsogola. Masamba ouma anali mbwee, koma mapazi ake sankamveka. Halla anakhala pansi, ubweya utaima, osauwa.

"Ndisochere ine? Muno?" Aune anavula jekete n'kulivala motembenuza, monga amachitira anthu akumeneko nkhalango ikawabisa, kuti mizimu yake iwamasule. Nsapato nazo anasinthanitsa, yakumanja kumanzere. Kenako anamulalatira bamboyo: "Kapusitseni alendo ochokera mumzinda wa Helsinki!"

Podzutsa mutu, anaona nyali ya pakhonde pake ikuwala kuseri kwa mitengo. Halla analiyatsa liwiro. Aune anafika akutsimphina, akuseka, n'kukhoma chitseko.

Panja wina anagogoda, mwaulemu.

"Gogodani mpaka kuche," anatero Aune akutereka khofi, jekete lili chitembenukire.