Utomoni pa Chikwakwa

"Imani kaye, musasambe m'manjamo," anatero mayiyo.

Mwamuna wake anaima pakhomo la khitchini, chikwakwa chili m'khwapa, zala zili nyaa ndi utomoni woyera ngati mkaka. Pa thalauza lake pankakwawa mbozi ya mizere yakuda ndi yachikasu.

Mayiyo anaizindikira msanga kuti inali mbozi ya gulugufe. Chaka chonse ankathirira mbande zogula m'miphika pakhonde kuti akope agulugufe, koma zonse zinkangonyala.

"Mumatchetcha kuti, bambo?"

"Kuseri, kungalande. Tchire lija lobisa njoka."

Mayiyo anathamangira komweko osavala ndi nsapato zomwe. M'mphepete mwa ngalandeyo, ponyowa, pamene dzuwa limawomba tsiku lonse, tchire linali litagona mbali imodzi. Mbali inayo kunatsala zomera zochepa zofika m'chiuno.

Anagwada m'matope. Masamba a zomerazo anali aatali, osongoka, oyang'anizana awiriawiri, timaluwa toyera titalendewera pamodzi. Atathyola tsamba, mkaka unatuluka. Atang'amba chipatso chouma, njere zinauluka ndi thonje lake.

"Ndi chomwechi! Chomera chimene agulugufe amaikirapo mazira chija. Chamera chokha pakhomo pathu pompano."

"Chimenechi?" Mwamunayo, amene anali atamutsatira, anaseka. "Ndimachitchetcha mwezi ndi mwezi, koma chimangophukanso. N'chamakani ngati inu."

"Bweretsani chikwakwacho kuno."

Anapereka osatsutsa. Kenako anawerama, n'kunyamula mbozi ija ndi katsamba, n'kuiika pachomera chotsalacho.

"Pepanitu eni malo," anatero.

Mboziyo sinachedwe, inayamba kudya.