Bulangete la Mapaipi

Pageti la fakitale ku Macaé, mlonda Adailton anasolola zidutswa za siponji yolimba m'chikwama cha Valdirene. Ndi siponji imene Valdirene, pantchito yake m'fakitalemo, amakutira nayo mapaipi a pansi pa nyanja kuti mafuta asazizire n'kuundana.

"Izi n'za kampani, mayi."

"Ndatola kudzala, bambo Adailton. Kutentha kwa malata a nyumba kukumuwotcha mwana wanga, thupi lonse zidzolo. Ndimati ndikatchinge kudenga."

Mlondayo anangoziponya mumgolo wa zinyalala n'kusasa m'manja.

Valdirene anayang'ana zala zake zosupuka ndi mankhwala, ndipo anapsa mtima. Chitsulo azichifunditsa bulangete tsiku ndi tsiku, mwana wake azipsa?

Anapisa dzanja mumgolomo, maso ali pa mlondayo, n'kuzitolanso chimodzichimodzi.

"Mwataya nokha. Tsopano kaitaneni apolisiwo."