Tsiku Limene Zulfa Anaiwala Chizulu

"Mayo ine, kodi ndimatsikira pati?"

Mawuwo anangotuluka okha, m'Chichewa chenicheni, mu takisi yodzaza yopita ku Mayville. Zulfa anagwira pakamwa, koma anali atachedwa. Zaka zonsezi mu Durban ankadziwika ndi dzina lachizulu loti MaZondi. Ankalankhula Chizulu chokhachokha kuopa kuperekedwa kwa apolisi, popeza mapepala analibe.

Chisiyireni kusamba, mutu wake unkamuthawa. Thupi linkatentha ngati mbaula, ndipo mpunga wa abwana ku Chatsworth ankauthira mchere kawiri. Mapilisi a soya, omwe a ku famase anati amabwezera mzimayi nzeru, anali atamwa mwezi wathunthu. Lero anaiwala ndi njira ya kunyumba yomwe.

Anthu onse mu takisi anamucheukira. Mayi wonenepa wa pambali pake, yemwe ulendo wonse ankatukwana m'Chizulu makwerekwere, anthu obwera kuchokera ku mayiko ena, anamuyang'anitsitsa.

"Ngiyaxolisa," Zulfa anapepesa, misozi ili mbwembwembwe, botolo la mapilisi lili m'manja.

Mayi uja anawerama n'kumunong'oneza kukhutu m'Chichewa.

"Pukutani misozi, achemwali, tingagwidwe tonse. Mapilisi amenewo ine ndamaliza mabotolo atatu, koma dzina langa lachizulu ndimachita kulilemba m'dzanja."